Paul von Lettow-Vorbeck: kazembe wa ku Germany amene nkhondo yake inathera ku Mbala

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaleka ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, koma kuno ku Africa mfuti zinalirabe kwa masiku ena atatu, ndipo kumene zinatsirizira kulira ndi m'dziko lino la Zambia. Amene ankatsogolera asilikali a Germany pa nthawiyo anali kazembe wa nkhondo Paul Emil von Lettow-Vorbeck. Mkuluyu anamenya nkhondo zaka zinayi kum'mawa kwa Africa popanda kugwidwa, mpaka pamene anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 Novembala 1918. Ku Germany anamulandira ngati ngwazi. Kwa anthu a ku Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Zambia, zaka zinayizo zinali za mtengatenga, njala ndi maliro.

Ubwana ndi nkhondo zake zoyamba

Lettow-Vorbeck anabadwa pa 20 Malichi 1870 mu mzinda wa Saarlouis, m'banja la asilikali. Bambo wake anali mkulu wa asilikali a Prussia, ndipo mwanayo anatumizidwa ku sukulu za usilikali akali wamng'ono. Analowa usilikali mu 1888. M'zaka za 1900 ndi 1901 anali ku China, m'gulu la asilikali a maiko osiyanasiyana amene anakathetsa kuukira kwa gulu lotchedwa Boxer.

Mu 1904 anafika ku Africa koyamba, m'dziko limene lero ndi Namibia. Kumeneko anagwira ntchito pansi pa kazembe Lothar von Trotha pa nkhondo yolimbana ndi mitundu ya Aherero ndi Anama. Pa nkhondoyo anthu zikwizikwi anathamangitsidwira kuchipululu kumene anafa ndi ludzu, ena anafera m'misasa ya ukaidi. Mu 2021 boma la Germany linavomera kuti zimene zinachitikazo kunali kupulula mtundu wa anthu. Lettow-Vorbeck anavulala diso lakumanzere mu 1906 pomenyana ndi Anama. Kwa iwo ndi kumene anaonera mmene kagulu kochepa kodziwa tchire kangasautsire gulu lalikulu la asilikali.

Atabwerera kwawo anatsogolera gulu la asilikali a pamadzi ku Wilhelmshaven. Mu Januwale 1914 anafika ku Dar es Salaam monga mkulu wa gulu lotchedwa Schutztruppe, loteteza dziko la German East Africa, limene linali kuphatikiza Tanzania wa kumtunda, Rwanda ndi Burundi. Gululo linali laling'ono: azungu pafupifupi 260 ndi asilikali achiafrika, otchedwa asikari, pafupifupi 2,500.

Kusamvana ndi bwanamkubwa

Nkhondo itabuka mu Ogasiti 1914, bwanamkubwa wa dzikolo Heinrich Schnee sanafune kuti ifike ku Africa. Iye ankaopa kuti chuma cha atsamunda chiwonongeka, ndiponso kuti eni dziko, amene anali asanaiwale nkhanza za pa nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907, adzapezerapo mpata woukira. Lettow-Vorbeck anali ndi maganizo ena. Ankadziwa kuti sangagonjetse Britain ku Africa, chifukwa sitima za Angerezi zinali zitatseka nyanja ndipo thandizo lochokera kwawo silikanafika mokwanira. Cholinga chake chinali chakuti adani atumize asilikali, zida ndi ndalama zambiri kuno, zimene akanazigwiritsa ntchito ku Ulaya. Kwa iye kupambana kunali kusagwidwa ndi kutalikitsa nkhondo. Maganizo amenewa ndiwo anachititsa kuti nkhondoyo iyende m'midzi ya maiko anayi.

Kutchuka kwake kunayambira pa doko la Tanga m'masiku oyambirira a Novembala 1914. Angerezi anatsitsa asilikali pafupifupi 8,000, ambiri a ku India, motsogozedwa ndi kazembe Arthur Aitken. Lettow-Vorbeck anathamangitsa asilikali ake pa sitima ya pamtunda kuchokera kudera la phiri la Kilimanjaro, ndipo ndi anthu ongopitirira pang'ono 1,000 anabweza adaniwo m'sitima zawo. Njuchi zimene zinavundulidwa ndi zipolopolo zinaluma asilikali a mbali zonse ziwiri. Angerezi anataya anthu oposa 800, ophedwa ndi ovulala, ndipo anasiya m'mbali mwa nyanja mfuti ndi zipolopolo zambirimbiri zimene Ajeremani anatola.

Mu Januwale 1915 anapambananso ku Jassin, koma akuluakulu a asilikali ake angapo anafera komweko, ndipo panalibe koti n'kupeza ena. Kuchokera pamenepo anayamba kupewa nkhondo zikuluzikulu. Ankatumiza timagulu tating'ono kukaphulitsa njanji yochokera ku Mombasa kupita ku Uganda. Mu Julayi 1915, Angerezi atamiza sitima ya nkhondo ya Königsberg pa mathiriro a mtsinje wa Rufiji, iye anazula mizinga yake khumi n'kuikokera kumtunda. Popeza katundu sankabwera kuchokera kunja, gulu lake linkasoka nsapato ndi zikopa za nyama, kuomba nsalu ndi thonje la m'dzikomo, ndi kuphika makungwa a mtengo wa kwinini kuti likhale ndi mankhwala a malungo.

Nkhondo ifika kwathu

Pa nthawiyo dziko lino linkatchedwa Northern Rhodesia, ndipo linkalamulidwa ndi kampani ya British South Africa Company. Likulu linali ku Livingstone. Lusaka anali kamudzi ka pa siteshoni ya njanji imene inakhazikitsidwa mu 1905. Malire ndi Ajeremani anali pakati pa nyanja ya Tanganyika ndi nyanja ya Malawi.

Nkhondo sinachedwe kufika m'malirewo. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja ya Malawi. Pa 9 Sepitembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo m'mwezi womwewo Ajeremani anaukira Abercorn. Mu 1915 anazinga msasa wa Saisi, kum'mawa kwa Abercorn, koma asilikali a Northern Rhodesia Police, mothandizidwa ndi a ku Congo ya Abelgium, sanagonje.

Imfa za ku Karonga ndizo zina mwa zimene zinachititsa mbusa John Chilembwe wa ku Chiradzulu kulemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914. M'kalatamo anafunsa chifukwa chimene anthu osauka a mu Africa ayenera kufera nkhondo imene sinali yawo, ndiponso chimene adzapindule ikadzatha. Boma linaletsa kalatayo. Chilembwe anaukira pa 23 Januwale 1915 ndipo anaphedwa pa 3 Febuluwale.

Mu 1916 adani a Germany analowa German East Africa kuchokera kumbali zonse. Kazembe Jan Smuts wa ku South Africa anadzera kumpoto, Abelgium anadzera kumadzulo n'kulanda Tabora, ndipo kazembe Edward Northey anadzera kum'mwera ndi asilikali a ku Nyasaland, Rhodesia ndi South Africa. Dar es Salaam anagwa mu Sepitembala. Lettow-Vorbeck ankamenya pang'ono n'kubwerera m'mbuyo, kusiya adani ake akulimbana ndi malungo, kamwazi ndi ntchentche za kashembe zimene zinapha mahatchi ndi abulu awo ambiri. Asilikali achizungu ndi achimwenye atadwala mochuluka, Angerezi anakulitsa gulu la King's African Rifles, ndipo kuyambira 1917 nkhondoyo inasanduka ya Aafrika okhaokha kuphana, aliyense pansi pa mbendera ya mtsamunda wake. Ku Nyasaland kokha kunachokera asilikali pafupifupi 19,000. Mfuti yolira mosalekeza anaitcha chiwaya, ndipo okalamba a ku Malawi ankaikumbukira nkhondo yonseyo ndi dzina lomwelo.

Mtengatenga

Kumene kunali nkhondoko kunalibe misewu ya galimoto, ndipo ng'ombe ndi abulu sizinkakhalitsa. Chakudya, zipolopolo, mahema ngakhale zidutswa za mizinga zinkayenda pamitu pa anthu. Kuchokera pa njanji ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, kukafika ku Abercorn ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 900. Wamtengatenga mmodzi ankasenza katundu wolemera makilogalamu pafupifupi 27, ankayenda makilomita ngati 24 pa tsiku, ndipo ankafunika ufa wokwana kilogalamu imodzi tsiku lililonse. Pa mayendedwe otere ulendo wopita wokha unali wa masiku oposa 35, kutanthauza kuti munthu wosenza ufa akanaudya wonse asanafike. Pa chifukwa chimenechi pankafunika amtengatenga ena osenzera chakudya anzawo, ndipo kuti msilikali mmodzi adye, anthu ambiri ankachotsedwa m'midzi. Pofuna kuchepetsa vutoli boma linatsegula njira ya pamadzi: katundu ankachokera ku Ndola kupita ku mtsinje wa Luapula, kenako pa mabwato kudutsa madambo a Bangweulu kulowera cha ku Kasama.

Amuna ankalembedwa kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma, ndipo ambiri sankapita mwa kufuna kwawo. Ena ankathawira m'tchire akamva kuti amesenjala afika. Angerezi analemba amtengatenga pafupifupi 1 miliyoni m'dera lonse la kum'mawa kwa Africa, mwa iwo pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland. Amene imfa zawo zinalembedwa ndi osachepera 95,000, ambiri akufa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi kutopa. Ajeremani sankasunga kaundula wotere. Gulu la Lettow-Vorbeck linkagwira anthu m'midzi imene ladutsamo, ena kuwamanga pachingwe kuti asathawe. Linkalanda chimanga, mapira ndi ziweto, ndipo zotsala linkatentha kuti omulondola asapeze chakudya. Minda inagonera chifukwa amuna kunalibe, ndipo njala itakumana ndi matenda, olemba mbiri ena akuti anthu wamba oposa 300,000 anafa m'dera lonselo.

Ulendo wa ku Mozambique

Mu Okutobala 1917 ku Mahiwa, kum'mwera kwa Tanzania, kunachitika nkhondo yoopsa kuposa zonse za m'derali. Angerezi anataya anthu pafupifupi 2,700, Ajeremani oposa 500. Chipambanocho chinam'patsa Lettow-Vorbeck udindo wa ukazembe, komanso chinam'thera zipolopolo. Chombo cha mumlengalenga cha mtundu wa Zeppelin chimene chinanyamuka ku Bulgaria ndi zida ndi mankhwala chinabwerera chili pamwamba pa Sudan. Iye anasiya odwala ndi ovulala kuti Angerezi awatole, ndipo pa 25 Novembala 1917 anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa ku Mozambique ndi azungu pafupifupi 300, asikari 1,700 ndi amtengatenga zikwi zingapo. Tsiku lomwelo anagonjetsa msasa wa Apwitikizi ku Negomano n'kutenga mfuti ndi zipolopolo.

Kwa miyezi khumi anazungulira kumpoto kwa Mozambique, akudya zolanda. Mu Julayi 1918 analanda nkhokwe za zida ndi chakudya ku Namacurra, pafupi ndi Quelimane. Kumapeto kwa Ogasiti, ku Lioma, asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anam'bweza n'kumuphera anthu ambiri, ndipo anangotsala pang'ono kuzingidwa. Anatembenukira kumpoto, nawolokanso Rovuma kumapeto kwa Sepitembala, nadzera kum'mawa kwa nyanja ya Malawi. Angerezi ankaganiza kuti akulunjika ku Tabora, koma iye anakhotera kumadzulo n'kulowa Northern Rhodesia, kumene kunali nkhokwe za katundu zopanda alonda okwanira.

Kasama, Chambeshi ndi Mbala

Kumayambiriro kwa Novembala 1918 anaukira Fife, pafupi ndi Nakonde wa lero, koma asilikali a Northern Rhodesia Police anali atafika kale ndipo anam'kaniza. Anaulambalala msasawo n'kutsata msewu wa ku Kasama. Angerezi ochepa amene anali ku Kasama anasamutsa katundu amene akanatha, natentha wina, nathawira kutsidya kwa mtsinje wa Chambeshi. Ajeremani analowa m'tauniyo. Kutsogolo kwawo kunali njira ya ku Mpika ndi Broken Hill, njanji yodzera ku Lusaka, ndi migodi ya ku Katanga.

Pa 13 Novembala asilikali ake anagwira mthenga wa Angerezi wa pa njinga yamoto ali ndi uthenga wakuti nkhondo yaleka ku Ulaya. M'mawa wa Lachinayi pa 14 Novembala, nthawi ili 7:30, mkulu wa boma la Kasama, Hector Croad, anakumana ndi Lettow-Vorbeck m'mphepete mwa Chambeshi n'kutsimikizira nkhaniyo. Pangano la ku Ulaya linkanena zakuti asilikali a Germany achoke kum'mawa kwa Africa, koma uthenga wa kazembe Jacob van Deventer, amene ankatsogolera mbali ya Angerezi, unalamula kuti atule zida. Lettow-Vorbeck anadandaula koma anamvera. Anayenda ndi gulu lake makilomita pafupifupi 250 kubwerera kumpoto, ndipo Lolemba pa 25 Novembala anadzipereka kwa kazembe W. F. S. Edwards ku Abercorn. Anali ndi azungu 155, kuphatikizapo bwanamkubwa Schnee, asikari 1,168, pamodzi ndi amtengatenga, akazi ndi ana ambiri amene anayenda nawo ulendo wonsewo.

Azunguwo anawatengera ku Dar es Salaam kudzera pa nyanja ya Tanganyika ndi njanji ya ku Kigoma. Asikari anawatsekera mu msasa ku Tabora. Mliri wa chimfine wa 1918 unali utafika kale, ndipo unapha ambiri amene zipolopolo zinawaphonya. Amtengatenga obwerera kwawo anaufikitsanso m'midzi yakutali.

Moyo wake nkhondo itatha

Mu Malichi 1919 Lettow-Vorbeck anaguba ndi asilikali ake achizungu mu mzinda wa Berlin anthu akumuwombera m'manja. Dziko limene linali litagonja linkafuna ngwazi imene sinagonje. Koma pangano la ku Versailles la chaka chomwecho linalanda Germany maiko ake onse a mu Africa: Tanganyika anapita kwa Angerezi, Rwanda ndi Burundi kwa Abelgium. Mu Julayi 1919 anatsogolera asilikali okathetsa zipolowe ku Hamburg. Mu Malichi 1920 anathandizira chiwembu cha Wolfgang Kapp chofuna kugwetsa boma losankhidwa ndi anthu, ndipo chiwembucho chitalephera anachotsedwa usilikali.

Analemba mabuku a nkhondo yake, lina lotchedwa Heia Safari lolembera achinyamata. Anakhala phungu wa nyumba ya malamulo kuyambira 1928 mpaka 1930. Sanalowe chipani cha Nazi cha Adolf Hitler, koma ankalankhula pa misonkhano yofuna kuti Germany abwezeredwe maiko ake a mu Africa, ndipo boma la Hitler linamukweza udindo waulemu. Ana ake aamuna awiri anafa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nyumba yake ya ku Bremen inaphulitsidwa, ndipo pa nthawi ya umphawi Smuts, mdani wake wakale, ankamutumizira chakudya. Mu 1953 anachezanso ku Africa. Anamwalira ku Hamburg pa 9 Malichi 1964, patatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti Zambia alandire ufulu. M'chaka chomwecho boma la West Germany linapereka ndalama kwa asikari okalamba amene anali adakali moyo ku Tanzania.

Mmene mbiri ikumuonera

Pa luso la nkhondo, ochepa amatsutsa. Gulu lake silinapitirirepo anthu pafupifupi 15,000, koma linatangwanitsa adani ochuluka kuwirikiza kambirimbiri. Ankalankhula Chiswahili, ankayenda pansi kapena pa njinga ngati asilikali ake, ndipo anadwala malungo kangapo osasiya ntchito. Komabe olemba mbiri ambiri akuti cholinga chake sichinakwaniritsidwe kwenikweni, popeza ambiri mwa omulondola anali Aafrika ndi Amwenye amene Angerezi sakanawatumiza ku nkhondo ya ku France. Nkhani yakuti asikari onse anali okhulupirika mpaka mapeto inakometsedwa ndi amene ankafuna kubwezeretsa utsamunda. Zoona zake n'zakuti ena anakhalabe chifukwa cha malipiro, ulemu wa usilikali ndi mabanja amene anali nawo pa ulendowo, ena chifukwa anali kutali ndi kwawo, ndipo ambiri anathawa ngakhale chilango cha wothawa chinali chikoti kapena chingwe. Ku Germany komweko misewu ina imene inali ndi dzina lake inasinthidwa maina.

Zikumbutso m'dziko lino

Pafupi ndi mlatho wa Chambeshi, pa msewu wa Mpika kupita ku Kasama, pali chipilala chimene chinatsegulidwa mu 1953, chokhala ndi mzinga wa nthawi imeneyo. Ku Mbala kuli chipilala chokumbukira amtengatenga 1,467 a Northern Rhodesia amene anafa pa nkhondoyo, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Moto Moto imasunga zina za mbiriyi. Mu Novembala 2018 ku Mbala kunachitika mwambo wokumbukira kuti patha zaka 100, umene unatsogoleredwa ndi mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, malemu a Edgar Lungu. Ku Malawi, nsanja ya King's African Rifles ku Zomba ili ndi maina a asilikali amene anafa. Gulu lankhondo la Zambia nalonso lili ndi mizu m'nkhaniyi: mbali ya usilikali ya Northern Rhodesia Police inasanduka Northern Rhodesia Regiment mu 1933, ndipo pa ufulu mu 1964 inakhala Zambia Regiment.

Chipilala cha ku Mbala chili ndi chiwerengero, chilibe maina. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera ndi kupepesa kuti anthu osachepera 116,000, mwina ofika 350,000, ambiri a iwo Aafrika, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi azungu. Lamulungu lachiwiri la Novembala chaka chilichonse, akuluakulu a boma ndi a asilikali amaika nkhata za maluwa pa chipilala cha pa msewu wa Independence mu Lusaka. Ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George kuli mabanja ochokera ku Chipata, Lundazi, Petauke, Isoka, Kasama ndi Mbala, madera amene amesenjala anatengako amuna a mtengatenga. Maina a amunawo m'mabuku a boma ndi ochepa. Kumene angapezeke ndi m'kamwa mwa agogo amene anawamva kwa makolo awo, ndipo banja limene lingawafunse ndi kuwalemba lidzasunga mbali ya nkhondoyi imene mabuku a akazembe anaisiya.